Kusintha pulogalamu yotumizira maimelo pa kompyuta ya ku ofesi sikuthera pa batani limodzi

A Mkonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndikambepo za kanthu kamene anthu ambiri a m'maofesi sakaganizira n'komwe, koma kamene kakasokonekera kamaimitsa ntchito yotolera ndalama kwa masiku. Ndikunena za pulogalamu ya maimelo imene kompyuta imaitana yokha pamene pulogalamu ina, monga yosungira mabuku a ndalama, yolembera mainvoisi kapena yowerengera malipiro a antchito, yafuna kutumiza chikalata kwa munthu. Pa sikirini chinthu chimenechi chimalembedwa kuti default, kutanthauza chosankhidwiratu, chimene makina amangotenga osafunsanso mwini wake. Ndakhala ndikusunga mabuku a ndalama kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndaphunzira movutikira n'chakuti mu Windows dzina limodzili limabisa zinthu ziwiri zosiyana. Munthu amene wasintha chimodzi n'kuganiza kuti wamaliza amadzazindikira mochedwa, kasitomala atayamba kale kufunsa kuti invoisi yake ili kuti.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Kumapeto kwa mwezi wina tinaika kompyuta yatsopano pa desiki ya kalaliki wathu, ndipo iye atadina batani lotumizira invoisi pa imelo, monga ankachitira masiku onse, panatulukira kabokosi konena m'Chingelezi kuti palibe pulogalamu ya maimelo yoti igwire ntchito imene yapemphedwayo. Ine ndinapita ku Settings, ndinasankha pulogalamu ya maimelo imene inalipo, kenaka ndinatsegula tsamba lina la pa intaneti n'kudina adiresi ya imelo imene inali pamenepo. Zenera lolembera uthenga linatseguka bwinobwino, adiresi ili kale pamalo pake. Ndinamuuza kalalikiyo kuti zatheka ndipo ndinabwerera pa mpando wanga. Patapita mphindi zochepa anandiitananso, kabokosi kaja katabwerera, ndipo ndikuvomereza ndi manyazi kuti ndinamuyankha ngati kuti iye ndiye sankadziwa kudina. Kwa masiku atatu iye ankasunga invoisi iliyonse ngati PDF, kuipatsa dzina, kutsegula imelo, kulemba adiresi ndi kumata fayilo, imodziimodzi mpaka madzulo. Pa tsiku lachitatu, atatopa, anamata invoisi ya kasitomala wina pa imelo ya kasitomala mnzake, ndipo ndine amene ndinaimba foni yopepesa. Wolakwa pa zonsezi ndinali ine, chifukwa ndinayesa khomo lina pamene lotsekeka linali lina.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kudziwa kuti mapulogalamu ambiri a bizinesi oikidwa pa kompyuta satumiza okha imelo. Amakonza chikalata, amachisandutsa PDF, amatenga adiresi ya kasitomala m'kaundula wawo, kenaka amapereka zonsezo kwa pulogalamu ina imene ntchito yake ndi maimelo. Zili ngati mlembi amene walemba kalata, waiika m'envelopu, n'kuitana mesenjala. Mlembiyo sadziwa dzina la mesenjala ndipo safunikira kulidziwa. Amangoitana, ndipo Windows ndi imene imasankha woti abwere. Vuto n'lakuti pali njira ziwiri zoitanira, ndipo mesenjala amene amamva kuitana kwa mtundu woyamba akhoza kukhala gonthi pa kuitana kwa mtundu wachiwiri.

Njira yoyamba imatchedwa mailto. Iyi ndi imene imagwira ntchito mukadina adiresi ya imelo pa tsamba la pa intaneti kapena m'chikalata. Malamulo ake analembedwa mu 1998 n'kukonzedwanso mu 2010, ndipo amalola kunyamula adiresi, mutu wa uthenga ndi mawu ochepa a uthengawo. Chimene mulibe m'malamulowo ndi kumata fayilo, ndipo pali chifukwa chomveka: tsamba lililonse la pa intaneti likanakhala ndi mphamvu youza kompyuta yanu kuti itenge fayilo yakutiyakuti n'kuiika pa imelo, akuba akanakolola osalima. Choncho mailto ndi yabwino poyamba kalata, koma singanyamule invoisi. Ndipo iyi ndi njira imene ine ndinayesa tsiku lija n'kudzitama kuti ndakonza.

Njira yachiwiri imatchedwa MAPI, imene kampani ya Microsoft inakonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti mapulogalamu a mu Windows azitha kulankhula ndi pulogalamu ya maimelo. Ili ndi mitundu iwiri, wina wopepuka wotchedwa Simple MAPI ndi wina wathunthu wotchedwa Extended MAPI, ndipo yonse iwiri imatha kunyamula fayilo. Pulogalamu ya mainvoisi ikafuna kutumiza chikalata, imagogoda pa kafayilo ka Windows kotchedwa mapi32.dll. Kafayilo kameneka sikatumiza kanthu. Kamangoyang'ana mu registry, amene ndi kaundula wamkati wa Windows, pamalo olembedwa Software, Clients, Mail, kuti kaone dzina la pulogalamu imene yalembetsedwa pamenepo, n'kupereka katunduyo kwa iyo. Ngati pamalopo palibe dzina, kapena pali dzina la pulogalamu imene inachotsedwa kale, kapena dzina la pulogalamu imene siidziwa chilankhulo cha MAPI, kabokosi kaja kamatuluka. Mungasinthe mailto kakhumi, koma malo awa akapanda kusintha, invoisi sichoka.

Pali kayesedwe kosavuta kamene ndikanakadziwa kale sindikanataya masiku atatu. Pitani pa fayilo iliyonse, dinani batani lakumanja la mausi, sankhani Send to, kenaka Mail recipient. Mu Windows 11 muyenera kuyamba mwadina Show more options kuti mndandanda wakalewo uoneke. Lamulo limeneli limadzera pa MAPI, khomo lomwe lija limene mapulogalamu a bizinesi amagogoda. Zenera la imelo likatseguka fayiloyo itamatidwa kale, dziwani kuti khomolo ndi lotseguka, ndipo ngati invoisi ikukanabe, vuto lili mkati mwa pulogalamu ya mainvoisiyo kapena pakati pa iyo ndi pulogalamu ya maimelo. Likapanda kutseguka, musavutike ndi pulogalamu ya mainvoisi, chifukwa ilibe mlandu. Kayesedwe kameneka sikatenga ngakhale mphindi imodzi, koma kamagawa vutolo pawiri, ndipo ndikukhulupirira kuti aliyense amene amaika makompyuta m'maofesi ayenera kukachita asananyamule chikwama chake.

Kusintha kwenikweniko kumachitika m'malo awiri, ndipo ndi bwino kupita konse kuwiri. Mu Windows 10 munthu amatsegula Settings, Apps, Default apps, n'kusankha pulogalamu pansi pa mawu akuti Email. Mu Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, mzere wa Email uja unachotsedwa, moti munthu ayenera kulemba mawu akuti MAILTO m'kabokosi ka pamwamba pa tsamba la Default apps n'kusankha pulogalamu pamenepo, kapena kudina dzina la pulogalamuyo n'kuipatsa mitundu ya maulalo ndi mafayilo imene akufuna. Malo achiwiri ndi mkati mwa pulogalamu ya maimelo yeniyeniyo. Mu Outlook yakale, pulogalamu ya maimelo ya Microsoft, muli kabokosi kochonga pansi pa File, Options, General, kopempha kuti Outlook ikhale yosankhidwiratu pa maimelo, maadiresi ndi kalendala. Mu Thunderbird, pulogalamu inanso ya maimelo, muli gawo lotchedwa System Integration pansi pa Settings ndi General, pomwe pali batani loti pulogalamuyo ione ngati ndiyo yosankhidwiratu. Mukatha zimenezi tsekani mapulogalamu onse awiri, wa maimelo ndi wa mainvoisi, n'kuwatsegulanso, popeza ambiri amawerenga zosankhazi kamodzi kokha pamene akutseguka.

Apa ndi pamene pali mfundo imene ogulitsa mapulogalamu ambiri sainena momveka: si pulogalamu iliyonse ya maimelo imene imamva MAPI. Outlook yakale, imene imabwera ndi Microsoft Office, imamva mitundu yonse iwiri. Thunderbird, imene ndi yaulere ndipo inachokera ku Mozilla mu 2004, imamva Simple MAPI koma osati Extended MAPI, choncho imagwirizana ndi mapulogalamu ena a bizinesi n'kulephera pa ena. Pulogalamu ya Mail imene inkabwera ndi Windows 10 inkalandira mailto koma sinkalandira MAPI, ndipo Microsoft inasiya kuithandiza pa 31 Disembala 2024. M'malo mwake munabwera Outlook yatsopano, imene dzina lake ndi chizindikiro chake n'zofanana kwambiri ndi za yakale, koma mkati mwake ndi chinthu china, chomangidwa pa Outlook ya pa intaneti, ndipo sichitsegula khomo la MAPI monga yakale ija. Munthu angathe kukhala ndi zonse ziwiri pa kompyuta imodzi, n'kusankha yolakwika pa mndandanda chifukwa cha kufanana kwa maina. Angathenso kuchoka pa yakale kupita pa yatsopano pongodina kabatani ka pakona ya kumwamba kumanja kom'pempha kuti ayese yatsopanoyo, osadziwa kuti wadula chingwe cholumikiza mainvoisi ake ndi makasitomala. Microsoft inanena kuti ipitiriza kuthandiza Outlook yakale mpaka 2029 kapena kupitirira, ndiye nthawi ilipo, koma si yoti ofesi igonerepo.

Chimodzimodzinso amene amawerenga maimelo awo pa Gmail kapena Outlook ya pa intaneti kudzera mu Chrome, Edge kapena Firefox. N'zotheka kuuza kompyuta kuti maulalo a mailto azitseguka mu Gmail, ndipo zimagwira ntchito bwino, koma tsamba la pa intaneti si pulogalamu yolembetsedwa pa MAPI. Ofesi imene antchito ake onse amagwiritsa ntchito imelo ya pa intaneti, ikagula pulogalamu ya mainvoisi yodalira MAPI, iyenera kuika pulogalamu ya maimelo pa kompyutapo n'kuilumikiza ku akaunti yomweyo, ngakhale palibe amene aziwerengeramo maimelo. Mesenjalayo ayenera kukhalapo ngakhale atamakhala pa benchi tsiku lonse kudikira envelopu imodzi.

Ngakhale mutasankha pulogalamu yoyenera, pali misampha ina. Waukulu ndi wa 32-bit ndi 64-bit, mitundu iwiri ya kamangidwe ka mapulogalamu, wakale ndi watsopano. Office inayamba kupezeka mu 64-bit mu 2010, ndipo masiku ano ndi mtundu umene umaikidwa munthu akapanda kusankha wina, pamene mapulogalamu ambiri akale a bizinesi akadali a 32-bit. Lamulo la Microsoft ndi lakuti pulogalamu yoitana MAPI iyenera kukhala ya mtundu umodzi ndi Outlook imene ikuitanidwayo. Pali chopatula chimodzi, lamulo lotchedwa MAPISendMail, limene Windows imatha kuliolotsa kuchoka ku mtundu wina kupita ku unzake, ndipo n'chifukwa chake Send to imatha kugwira ntchito pa kompyuta imene pulogalamu ya mainvoisi ikukanabe. Kuti mudziwe mtundu wa Outlook yanu, tsegulani File, Office Account, About Outlook, ndipo walembedwa pamzere woyamba. Ngati mitunduyo yasiyana, palibe batani la mu Settings limene lingathandize. Mufunika kuchotsa Office n'kuika ya mtundu winawo, kapena kupeza pulogalamu ya mainvoisi yatsopano ya 64-bit. Limeneli ndi funso loyenera kufunsa musanagule kompyuta, osati itafika kale pa desiki.

Msampha wina ndi wa mphamvu za woyang'anira kompyuta. Akatswiri ena, pofuna kuti pulogalamu yakale isavute, amaichonga kuti izitseguka ndi Run as administrator nthawi zonse. Koma Windows salola kuti pulogalamu yotsegulidwa ndi mphamvu zapamwambazo izilankhulana mwachisawawa ndi ina yotsegulidwa mwa masiku onse, moti Outlook ikhoza kukhala yotseguka pa sikirini pomwepo koma pulogalamu ya mainvoisi n'kumanena kuti sikuipeza. Mankhwala ake ndi kuchotsa kachongidwe kameneko kuti zonse ziwiri zikhale pa msinkhu umodzi. Komanso zosankha za default zimasungidwa pa munthu aliyense payekha. Katswiri akalowa pa kompyuta ndi dzina lake, n'kukonza, n'kuyesa, n'kuona kuti zatheka, sizitanthauza kuti kalaliki akalowa ndi dzina lake apeza zofanana. Kuyesa kuzichitika pa dzina la munthu amene azitumiza mainvoisiwo, iye mwini atakhala pa mpando.

Ndikufuna ndikhalitse pang'ono pa funso limene ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse, ngakhale kuti silibweretsa kabokosi kalikonse kodandaula: invoisiyo ikuchoka pa adiresi ya ndani? Pulogalamu ya maimelo imatha kukhala ndi maakaunti angapo, ndipo uthenga wobwera kudzera pa MAPI kawirikawiri umatuluka pa akaunti imene yasankhidwiratu mkati mwa pulogalamuyo. Ngati wantchito anayamba kulowetsa akaunti yake ya iye mwini asanalowetse ya kampani, mainvoisi akhoza kumapita ndi adiresi imene kasitomala saidziwa. Kasitomala wochenjera salipira invoisi yotere, ndipo akulondola, chifukwa mbava zambiri zimabera mabizinesi potumiza mainvoisi abodza ochokera ku maadiresi achilendo, ataikapo nambala ya akaunti ya ku banki yosinthidwa. Choipa kwambiri n'chakuti mayankho a makasitomala amapita kwa wantchitoyo, ndipo tsiku limene adzasiye ntchito adzapita nayo mbiri yonse ya amene analonjeza kulipira ndi amene anakana. Mu Outlook yakale zimenezi zimakonzedwa pa File, Account Settings, posankha akaunti ya kampani n'kudina Set as Default. Ine ndimalangiza kuti pakhale adiresi imodzi ya ofesi ya zandalama, yosakhala m'dzina la munthu, ndipo kompyuta yotumizira mainvoisi isakhale ndi akaunti ina iliyonse.

Onjezeranipo nkhani ya Outbox, malo amene maimelo amadikirira asanatumizidwe. Pulogalamu ya mainvoisi ikapereka envelopu kwa mesenjala, imalemba m'buku lake kuti chikalata chatumizidwa, chifukwa mbali yake yatha. Koma ngati pulogalamu ya maimelo inali yotseka, kapena inali pa Work Offline, kapena intaneti inali itaduka, uthengawo umangokhala mu Outbox kudikira. Buku la ndalama likunena kuti invoisi inapita Lolemba, pamene kwenikweni yachoka Lachisanu munthu atatsegula Outlook. Umboni weniweni wa kutumiza uli mu Sent Items, momwe mumasungidwa maimelo amene apita kale, osati mu pulogalamu ya mainvoisi, ndipo wosunga mabuku amene akukangana ndi kasitomala za tsiku limene ngongole inayamba kuwerengedwa ayambe wayang'ana kumeneko asanakweze mawu.

Pali kabokosi kena kamene kamatopetsa anthu, kochenjeza kuti pulogalamu ina ikufuna kutumiza imelo m'dzina lanu, n'kumafunsa ngati mukulola. Pa invoisi imodzi si vuto, koma pa masitetimenti a makasitomala onse kumapeto kwa mwezi munthu amafika pofuna kukazimitsiratu. Ndikupempha kuti asanatero adziwe kumene kanachokera. Mu Malichi 1999 vairasi yotchedwa Melissa, ndiponso mu Meyi 2000 ina yotchedwa ILOVEYOU, zinafalikira pa dziko lonse potenga maadiresi a mu Outlook n'kudzitumiza zokha ku maadiresiwo, ndipo Microsoft inaika mlonda ameneyu chaka chomwecho cha 2000. Outlook ya masiku ano, monga imaikidwira, imachenjeza makamaka pamene yaona kuti pulogalamu yoteteza ku mavairasi ndi yozimitsidwa kapena yatha nthawi, choncho kabokosiko kakayamba kutuluka mwadzidzidzi, chinthu choyamba kuyang'ana ndi chitetezocho. Zosankha zake zili mu Trust Center pansi pa Programmatic Access, koma kuchotsa mlonda chifukwa choti akufunsa mafunso ambiri si nzeru pa kompyuta imene ili ndi maadiresi a makasitomala onse ndi malipiro a antchito.

Ena adzati, bwanji osangosiya zonsezi? Ndipo n'zoona kuti pali njira ina. Mapulogalamu ambiri a bizinesi masiku ano amatha kutumiza okha kudzera pa SMTP, njira imene maseva a maimelo, makompyuta olandira ndi kupereka maimelo, akhala akugwiritsa ntchito kuyambira 1982. Mwachitsanzo, mu QuickBooks Desktop muli malo pansi pa Edit, Preferences, Send Forms pomwe munthu amasankha pakati pa Outlook ndi imelo ya pa intaneti. Mukasankha njira yachindunjiyi mumalemba dzina la seva, nambala ya khomo la sevayo (port), imene kawirikawiri ndi 587 kapena 465, ndi chilolezo cholowera mu akaunti, ndipo nkhani ya default siibukanso chifukwa mesenjala sakufunikanso. Koma njirayi ili ndi minga yake. Kuyambira pa 30 Meyi 2022, Google inasiya kulola mapulogalamu kulowa mu akaunti wamba za Gmail ndi pasiwedi ya masiku onse yokha. Pamafunika kulowa kwamakono kodzera pa zenera la Google, kapena pasiwedi yapadera ya zilembo 16 imene imaperekedwa kwa amene anatsegula chitetezo cha magawo awiri. Pulogalamu yakale imene inalembedwa zimenezi zisanabwere ikhoza kungonena kuti pasiwedi ndi yolakwika pamene ili yolondola. Komanso maseva ena amasunga kope la uthenga wotumizidwa mwa njirayi, monga imachitira Gmail, pamene ena sasunga, moti ndi bwino kuuza pulogalamuyo kuti izitumizanso kope ku adiresi ya ofesi.

Kwa ine, ngati pulogalamu ya bizinesi ili ndi njira yamakono yolowera mu akaunti, njira yachindunji ndi imene ili ndi tsogolo, chifukwa MAPI ndi khomo limene omanga nyumba ayamba kale kulizungulira. Koma sindinyoza njira yakale. Ili ndi ubwino umodzi umene wosunga mabuku aliyense amaudziwa: zenera la imelo limatseguka uthenga usanapite, munthu amaona adiresi ndi fayilo ndi maso ake, ndipo amatha kuwonjezera mzere umodzi waulemu kwa kasitomala amene wachedwa kulipira chifukwa cha vuto lodziwika. Chimene ndikutsutsa ndi kusasankha, kumene ofesi imangoyenda ndi chimene chinaikidwa ndi amene anabweretsa kompyuta, mpaka tsiku limene chidzaleke.

Kwa ogulitsa ndi oika mapulogalamu a bizinesi, pempho langa ndi lakuti azinena poyera, pa pepala limodzi, njira imene pulogalamu yawo imagwiritsa ntchito: mailto, Simple MAPI, Extended MAPI kapena SMTP, ndiponso ngati ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Mawu akuti imagwira ntchito ndi Outlook sakukwaniranso tsopano pamene ma Outlook alipo awiri. Kwa akatswiri a makompyuta, ndikudziwa kuti pa intaneti pali malangizo ambiri osinthira registry ndi manja, ndipo nthawi zina ndi okhawo amene amathandiza, koma ndi bwino kuyamba ndi zofewa, monga kukonza Office kudzera pa Repair, kumene kumalembetsanso Outlook pamalo ake, kapena kuyendetsa fixmapi.exe, kapulogalamu kokonzera MAPI kamene kali kale mu Windows. Kuyambira pa Windows 8 ya 2012, zosankha za munthu pa maulalo monga mailto zimatetezedwa ndi chidindo chobisika, ndipo Windows ikaona kuti zasinthidwa mozemba imazibwezera pa zake, n'chifukwa chake anthu ena amadandaula kuti amakonza lero mawa zabwerera. M'maofesi a makompyuta ambiri njira yovomerezeka ndi fayilo ya XML yolemba zosankhazo, yotumizidwa ku makompyuta onse kudzera pa Group Policy, chida cha Windows choyang'anira makompyuta ambiri pamodzi.

Amene amagwiritsa ntchito Mac nkhani yawo ndi yaifupi, ngakhale ili ndi kachilendo kake: pulogalamu yosankhidwiratu imasinthidwa mkati mwa Mail ya Apple, pa Settings ndi General, moti munthu amene akufuna kuisiya ayenera kuyamba waitsegula. MAPI kulibe kumeneko, ndipo pulogalamu iliyonse ya bizinesi imanena yokha mapulogalamu a maimelo amene imagwirizana nawo.

Ndalemba kalatayi tsopano chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo maofesi ambiri akusintha makompyuta kapena akukonzekera kutero. Kompyuta yakale imakhala ndi zosankha zimene munthu wina anaika zaka zapitazo ndipo palibe akuzikumbukira, pamene yatsopano imabwera ndi Windows 11, Office ya 64-bit ndi Outlook yatsopano, zinthu zitatu zimene chilichonse pachokha chingathe kutseka khomo la mainvoisi. Musanazimitse yakaleyo, lembani pa pepala dzina ndi mtundu wa pulogalamu ya maimelo imene ilipo, akaunti imene mainvoisi amachokerapo, ndi chimene chasankhidwa mkati mwa pulogalamu ya bizinesi. Yatsopano ikaikidwa, pangani kasitomala wongoyeserera amene adiresi yake ndi yanu, mutumizireni invoisi kuchokera mkati mwa pulogalamu ya mainvoisi, kenaka tsegulani imeloyo pa foni yanu muone ngati fayilo yafika ndi kutseguka, ngati adiresi ya wotumiza ndi ya kampani, ndiponso ngati kope lili mu Sent Items. Kwathu ku ofesi kasitomala ameneyo tinamusiya m'kaundula, ndipo kalaliki wathu amamutumizira invoisi m'mawa wa tsiku lililonse lotumiza masitetimenti, asanayambe za makasitomala enieni.

Ndine wanu,
Wosunga mabuku a ndalama